Abusa, mukapitirize kuti maphunziro a zaumulungu? Kuyerekeza njira zimene zilipo

Mbusa akakhala pa mpingo zaka 5 kapena 7, mafunso amene amamupeza sakhalanso aja a m'kalasi. Mnyamata wa kwaya amabwera ndi foni m'manja, n'kumuonetsa kanema wa mlaliki wina amene akuwerenga 3 Yohane 2 ngati lonjezo lakuti Mkhristu aliyense ayenera kulemera, ndipo yankho akulifuna tsiku lomwelo. Mkulu wa mpingo amaimirira pa seshoni n'kufunsa chifukwa chake Buku Lopatulika limati Yehova pamene Buku Loyera limati Chauta, nanga loona ndi liti. Mayi amene waika mwamuna wake dzana amagogoda kunyumba ya abusa kutada, achibale a malemu atayamba kale kuwerenga mbuzi ndi malata. Digiri yoyamba imamuthandiza mbusa kuyankha theka. Theka linalo ndi limene limamubwezera kusukulu.

Ndikulankhula ndi abusa, ansembe, aphunzitsi a m'masukulu a ubusa, komanso amayi ndi abambo osadzozedwa amene ali ndi digiri yoyamba ndipo akufuna yachiwiri kapena yachitatu. Ambiri amayamba ndi kufunsa kuti apite kuti, maso ali ku America kapena ku Scotland. Kwa ine funso limenelo ndi lachitatu. Loyamba ndi ili: mwa anthu atatu aja, mnyamata, mkulu wa mpingo ndi mayi wamasiye, ndani akukusowetsani tulo? Lachiwiri: ndi mphunzitsi uti, osati sukulu iti, amene angakuyendetseni bwino pa nkhani imeneyo? Mukayankha awiriwa, malo amadzisankha okha.

Mafunso atatu, nthambi zitatu

Funso la mkulu wa mpingo ndi la mnyamata wa kwaya onse amapita kunthambi ya kutanthauzira Malembo, ndipo nthambi imeneyi ili ndi chipata chimodzi chokha: Chihebri ndi Chigiriki. Palibe njira yachidule. Dzina la Mulungu m'Chipangano Chakale linalembedwa ndi zilembo zinayi, YHWH, ndipo Ayuda powerenga ankalilambalala n'kunena Adonai, kutanthauza Ambuye. Omasulira m'Chichewa anayenera kusankha. Buku Lopatulika, limene ntchito yake anaitsogolera William Murray ndipo linatuluka mu 1922, linatenga Yehova. Malembo Oyera la Akatolika, la mu 1966, linatenga Yahve. Buku Loyera, limene mipingo inagwirira limodzi ndipo linatuluka mu 1998, linafika pa Chauta, dzina limene makolo athu ankaitana nalo popempha mvula. Kusankha kulikonse kuli ndi chimene kunapindula ndi chimene kunataya, ndipo munthu amene sadziwa Chihebri amangobwereza zimene anamva. N'chimodzimodzi ndi 3 Yohane 2. Amene wawerengako makalata akale a Chigiriki amadziwa kuti kufunira mnzako thanzi ndi ulendo wabwino kunali moni wa masiku onse poyamba kalata, monga ife timalembera kuti tikhulupirira muli bwino. Wolemba kalatayo ankalonjera mnzake Gayo, sankakhazikitsa lamulo la chuma. Mbusa amene angafotokoze zimenezi modekha, m'Chichewa chomveka, wateteza nkhosa zambiri kuposa amene amangokalipira pagome.

Nthambi yachiwiri ndi ya ziphunzitso ndi mbiri ya mpingo. Kuno mumafunsa zimene mpingo umakhulupirira za Utatu, chipulumutso, Mzimu Woyera, mizimu ya makolo, ulamuliro wa dziko, ndi momwe tinafikira pamene tilipa. Kalata ya maepiskopi a Katolika imene inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 March 1992 inachokera mu nthambi imeneyi, ndipo tonse tikudziwa chimene inayambitsa.

Mayi wamasiye uja akukuitanirani kunthambi yachitatu, ya ntchito ya ubusa: uphungu, ulaliki, chilangizo, kuyendera odwala, kuyendetsa mpingo. Ena amaipeputsa ngati yosavuta. Akulakwitsa. Kafukufuku wabwino wa nthambi imeneyi amafuna kukhala pansi ndi amayi a Chigwirizano, a Mvano kapena a Umanyano miyezi yambiri, kumvetsera, kulemba, n'kubwereranso ku Malembo ndi zimene wamvazo.

Mayina a madigiri amasocheretsa

MDiv ndi digiri ya ku America makamaka. Imatenga zaka 3, ndipo anaikonzera munthu amene anachita digiri yoyamba ya china chilichonse, kaya zaulimi kaya zamalamulo, tsopano akufuna kulowa ubusa. Imayambira pansi penipeni. Ngati muli kale ndi digiri ya zaumulungu, MDiv idzakubwerezetsani zambiri zimene munaphunzira kale, ndipo ndaona abusa akudandaula atazindikira mochedwa. Ku America komweko amene wamaliza MDiv n'kufuna kuzama amawonjezera chaka cha ThM, masitazi yozama ya zaumulungu.

MTh kapena MA, imene ambiri timangoti masitazi, ilipo ya mitundu iwiri. Ina ndi yophunzira m'kalasi, kulemba mayeso, n'kumaliza ndi kafukufuku wamfupi. Ina ndi ya kafukufuku yekhayekha: inu, wokuyang'anirani, ndi thesis imene muyenera kulemba nokha kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza. Yachiwiriyi imakomera mbusa amene sangachoke pa mpingo, koma imameza anthu ambiri. Palibe belu lokuitanani m'kalasi. Maliro, maukwati ndi misonkhano ya presbiteri zimadya sabata ndi sabata, ndipo zaka 2 zimasanduka 5. Ngati simunalembepo chinthu cha masamba 30 chokhala ndi mfundo imodzi yotsatika, yambani ndi ya m'kalasi.

Pamwamba pali PhD ndi DMin, ndipo apa ndi pamene ndikupempha kuti mudekhe. Onse awiri amakupatsani dzina la udokotala, koma sapita kumodzi. PhD ndi ya munthu amene adzaphunzitsa ndi kuchita kafukufuku moyo wake wonse, ndipo imafuna kuti muwonjezere chinthu chatsopano pa zimene akatswiri akudziwa. DMin ndi ya mbusa amene akhalabe mbusa. Nthawi zambiri imafuna kuti mukhale mutatumikira kale zaka zingapo, ndipo kafukufuku wake amachokera pa vuto lenileni la mu utumiki wanu. A Lazarus Chakwera, pamene ankatsogolera mpingo wa Assemblies of God, anatsata njira yotereyi: masitazi ku University of South Africa, kenako DMin ku Trinity International University ku America. Koma ngati maloto anu ndi kukaphunzitsa pa yunivesite ya boma n'kumayang'anira ophunzira a PhD, dziwani kuti mayunivesite ambiri saiwerengera DMin mofanana ndi PhD. Funsani kumene mukufuna kukagwira ntchito musanalipire tambala.

Kuno kwathu

Ndiyamba ndi kwathu chifukwa ndi kumene anthu amakudumpha msanga. Ku Zomba kuli nthambi ya zaumulungu ndi zipembedzo ya University of Malawi, ku Chancellor College kwakale, imene imapereka MA ndi PhD. Kumeneko ndi kumene kunabadwira mabuku a Kachere m'zaka za m'ma 1990, pamene anthu ngati Klaus Fiedler, Kenneth Ross ndi bambo Joseph Chakanza anatsimikiza kuti kafukufuku wa Amalawi asamathere m'kabati. Ku Mzuzu University kulinso nthambi yotero, ndipo Mzuni Press yasindikiza ntchito zambiri za ophunzira ake, makamaka za mbiri ya mipingo ndi za amayi mu mpingo. Zomba Theological College, imene inatsegulidwa mu 1977 ndipo yaphunzitsa abusa ambiri a CCAP ndi Anglican, tsopano ndi yunivesite ndipo ili ndi maphunziro opitirira digiri yoyamba. Mipingo inanso ili ndi masukulu ake: University of Livingstonia ku Ekwendeni, Nkhoma University, Malawi Assemblies of God University ku Lilongwe. Pa iliyonse funsani ngati digiri yeniyeni imene mukufunayo ndi yovomerezedwa ndi NCHE, bungwe la boma loyang'anira maphunziro apamwamba, osati dzina la sukulu lokha.

Mphamvu ya kwathu ndi yakuti nkhani ili pakhomo. Ngati mukufufuza za chinamwali ndi chilangizo, za Gule Wamkulu ndi mpingo, za mipingo ya chipentekoste ya m'matauni, za Providence Industrial Mission ku Mbombwe, za momwe Akhristu ndi Asilamu amakhalirana ku Mangochi, anthu oti muwafunse ali pamtunda wa minibasi. National Archives ili ku Zomba komweko. Mumalipira m'makwacha, osathamangira ndalama zakunja kubanki. Ana sasintha sukulu, mayi kapena bambo akunyumba sakhala okha zaka 3, ndipo Lamlungu mumalalikira anthu omwewo amene mukulemba za iwo, zomwe zimakuletsani kulemba bodza.

Kufooka kwake sindikubisa. Malaibulale athu alibe mabuku ambiri atsopano ofotokozera Malembo vesi ndi vesi, ndipo magazini a akatswiri amafuna ndalama zakunja. Aphunzitsi amene angayang'anire thesis yozama ya Chihebri kapena Chigiriki ndi owerengeka, ndipo owerengekawo ali ndi ophunzira ambiri. Ndiye ndinena mosapita m'mbali. Pa mbiri ya mpingo, pa chikhulupiriro ndi chikhalidwe, ndi pa ntchito ya ubusa, masitazi ya kuno ingapose ya kunja. Pa kutanthauzira Malembo m'zilankhulo zake, kuno n'koyambira, koma mwina mudzafunika kutuluka.

Kuwoloka Mchinji

Justo Mwale University ku Lusaka ndi kunja kosakhala kunja. Ndi sukulu ya Reformed Church in Zambia, inayambira ku Madzimoyo pafupi ndi Chipata mu 1951, ndipo dzina lake ndi la mbusa woyamba wa Chiafrika wa mpingo umenewo. Abusa ambiri a CCAP ochokera ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe adutsamo. Chinyanja chimamveka mumsewu, nsima ndi yomweyo, basi ya ku Lilongwe imafika tsiku limodzi. Kwa mbusa wa mipingo ya Reformed ndi Presbyterian amene akufuna kuchokako pa mpingo kuti awerenge mwakachetechete, koma osafuna kutalikira banja ndi nyanja zamchere, ine ndimaiika patsogolo. Phindu lina limene anthu saliwerengera ndi anzanu a m'kalasi. Kumva momwe mbusa wa ku Copperbelt kapena wa ku Harare amachitira ndi nkhani ya maulosi ndi machiritso kumakutsegulani maso kuposa mabuku ena.

South Africa

Ku South Africa ndi kumene Amalawi ambiri a zaumulungu atengera PhD, ndipo pali zifukwa zomveka. Koma muyambe mwadziwa makwerero ake. Pakati pa digiri yoyamba ndi masitazi pali sitepe ina, Honours kapena Postgraduate Diploma, ndipo si zachilendo kuti munthu wochokera kuno auzidwe kuyamba ndi imeneyo chaka chimodzi. Satifiketi zanu ziyenera kuyesedwa ndi bungwe la SAQA, zomwe zimatenga nthawi, choncho yambani msanga. Viza ya maphunziro imafuna kuti mukhale ndi inshuwalansi ya chipatala ya komweko. Chokoma n'chakuti m'mayunivesite a boma ophunzira ochokera m'maiko a SADC nthawi zambiri amalipira fizi yofanana ndi ya eni dziko, kuwonjezerapo kandalama ka alendo.

Mayunivesitewa sali ofanana, ndipo kusiyana kwawo ndi kumene kuyenera kukutsogolerani. Stellenbosch, kumene sukulu ya ubusa inayamba mu 1859, ili ndi ubale wakale ndi Sinodi ya Nkhoma, pakuti amishoni amene anafika ku Mvera mu 1889 anachokera mu mpingo wa Dutch Reformed. Makalata ndi malipoti ambiri a mishoni imeneyo amasungidwa ku Stellenbosch, ngakhale ochuluka ali m'Chidatchi ndi Chiafrikaans, ndiye wofufuza mbiri ya Nkhoma akonzekere kuphunzira kuwerenga zilankhulo zimenezo. Stellenbosch ndi yamphamvunso pa zilankhulo zakale, pa kumasulira Baibulo, ndi pa uphungu wa odwala ndi oferedwa. Bungwe la NetACT, lolumikiza masukulu a ubusa a mu Africa, linayambira m'manja mwa anthu a kumeneko, ndipo masukulu ena a ku Malawi ndi Zambia ali momwemo. Pretoria, Free State ku Bloemfontein ndi North-West ku Potchefstroom zilinso ndi nthambi zazikulu za zaumulungu, ndipo Potchefstroom imadziwika ndi kugwiritsitsa chiphunzitso cha Reformed.

Ku Pietermaritzburg, pa University of KwaZulu-Natal, mpweya wake ndi wina. Ujamaa Centre, imene Gerald West anaigwirira ntchito zaka zambiri, inakulitsa njira yowerengera Baibulo pamodzi ndi anthu wamba, osauka ndi oponderezedwa, katswiri n'kukhala womvetsera osati mwini yankho. Kuwerenga nkhani ya Tamara pa 2 Samueli 13 ndi amayi ndi atsikana pofuna kutsegula pakamwa pa za nkhanza kunachokera kumeneko. Mbusa amene akusautsidwa ndi mayi wamasiye uja apeza kwawo. Wina wochokera mu mpingo wosamalitsa akhoza kuona kuti mafunso ena akumugwedeza kwambiri. Kugwedezeka si tchimo, koma ndi bwino kupita ukudziwa.

Pano ndikumbukire Isabel Apawo Phiri, Mmalawi amene anatenga PhD ku Cape Town pofufuza za amayi a Chichewa mu mpingo wa Presbyterian m'chigawo chapakati, anadzaphunzitsa ku KwaZulu-Natal, kenako n'kukhala mmodzi wa akuluakulu a World Council of Churches ku Geneva. Digiri anaitenga kunja, koma funso analitenga kumudzi. Amayi amene mukuganiza zophunzira, makamaka amene mipingo yanu sidzoza amayi ndipo sinodi singakulipirireni, funafunani a Circle of Concerned African Women Theologians, gulu limene Mercy Amba Oduyoye analiyambitsa ku Accra mu 1989. Lili ndi mamembala kuno, ndipo ambiri analemba nkhani yawo yoyamba atalimbikitsidwa ndi gululi.

Kuphunzira muli pakhomo

University of South Africa (UNISA) yakhala ikuphunzitsa anthu patali kuyambira kale intaneti isanabwere. South African Theological Seminary, imene inayamba mu 1996, imaphunzitsa pa intaneti kuyambira pansi mpaka PhD, ndi ya chikhulupiriro cha chievangeliko, ndipo ndi yovomerezeka m'dziko lake. Njira imeneyi imasunga banja ndi mpingo, imapatsa laibulale ya pa kompyuta imene kuno simungaipeze, ndipo simufuna viza. Koma fizi ndi ya ma rand kapena madola, magetsi akathima kapena bandulo ikatha kalasi yathanso, ndipo muli nokha. Mapanga awiri avumbwitsa. Mbusa wa milaga 10 amene akuganiza kuti adzawerenga usiku akabwera kumaliro akudzinamiza. Ngati mwasankha njira iyi, kambiranani ndi seshoni kuti masiku awiri pa sabata akhale a sukulu, akulu a mpingo agwire zina, ndipo zilembedwe m'maminitsi. Pa zilankhulo ndiye ndimakayika kwambiri. Chihebri chimalowa bwino pamene pali mphunzitsi wokumvani mukuwerenga mokweza n'kukukonzani pomwepo.

Nairobi ndi Akropong

Nairobi ndi likulu la maphunziro a zaumulungu kum'mawa kwa Africa. Africa International University ku Karen, imene inayamba mu 1983 ngati Nairobi Evangelical Graduate School of Theology potsata masomphenya a Byang Kato, katswiri wa zaumulungu wa ku Nigeria, ndi yodziwika pa maphunziro a Baibulo ndi kumasulira. St Paul's ku Limuru ili ndi mbiri pa ubale wa Akhristu ndi Asilamu, nkhani imene abusa a ku Machinga, Mangochi ndi Nkhotakota sangaizembe. A Seventh-day Adventist ali ndi Adventist University of Africa, imene anaikhazikitsira madigiri apamwamba okhaokha.

Koma sukulu imene imandigwira mtima ili ku Ghana. Akrofi-Christaller Institute ku Akropong, imene anaiyambitsa Kwame Bediako, inaima pa mfundo yakuti Mulungu amalankhula ndi munthu m'chilankhulo cha amayi ake, ndipo zaumulungu zenizeni za mu Africa zimachitikira m'zilankhulo zimenezo. Wophunzira amayenera kulemba chidule cha thesis yake m'chilankhulo chakwawo. Taganizirani kufotokoza m'Chichewa, pa tsamba limodzi, zimene mwafufuza zaka 3. Ambiri a ife tingatuluke thukuta, ndipo thukuta limenelo likuulula kanthu. Ngakhale simupita ku Ghana, dziyeseni ndi muyeso umenewu kulikonse kumene muli.

Kwa ansembe a Katolika njira ndi ina, chifukwa sasankha okha, amatumidwa ndi episkopi kapena akulu a chipani chawo. Akamaliza ku Kachebere ndi ku St Peter's ku Zomba, ena amatumizidwa ku Catholic University of Eastern Africa kapena ku Hekima ku Nairobi, ena ku Rome kukatenga Licentiate, digiri ya mpingo imene imawalola kuphunzitsa m'seminale. Pontifical Biblical Institute, imene inakhazikitsidwa mu 1909, ndi imodzi mwa sukulu zolimba kwambiri pa zilankhulo za Baibulo padziko lonse, ndipo wopita kumeneko amayamba ndi kuphunzira Chitaliyana.

Britain ndi America

Walira mvula walira matope. Zabwino zake n'zoona ndipo sindizichepetsa: malaibulale amene buku lililonse mumalipeza tsiku lomwelo, masemina a sabata ndi sabata, akatswiri amene mayina awo munkangowaona pachikuto. Ku Edinburgh kuli malo ophunzirira Chikhristu cha dziko lonse amene Andrew Walls anawayambitsa ku Aberdeen mu 1982, ndipo National Library of Scotland ikusunga makalata a mishoni za Blantyre ndi Livingstonia. Masitazi ya ku Britain imatenga chaka chimodzi, PhD pafupifupi zaka 3 kapena 4 za kafukufuku yekhayekha. Ku America PhD imatalika, zaka 5 kapena kuposa, chifukwa mumayamba ndi makalasi, mayeso aakulu, ndi kuwerenga Chijeremani ndi Chifalansa pamwamba pa Chihebri ndi Chigiriki. Wotuluka m'menemo amakhala wophikika ndithu, ndipo kwa amene akufuna kudzakhala mphunzitsi wa Chipangano Chakale kapena Chatsopano wa m'badwo wotsatira, njira imeneyi ndi yoyenera kuilimbira.

Matope ake nawa. Popanda thandizo lathunthu la fizi ndi chakudya, musayerekeze, ndipo musagulitse munda. Ku Britain, kuyambira January 2024, wophunzira masitazi ya m'kalasi saloledwanso kutenga banja pa viza yake, kupatula ochepa monga otumidwa ndi boma. Ku America viza ya wophunzira imachepetsa ntchito imene mungagwire, ndipo malamulo olowera m'dzikolo akhala akusinthasintha kwa anthu a m'maiko athu. Kuzizira ndi kusungulumwa zimafooketsa anthu amene kuno anali olimba. Palinso chinthu china chobisika: mafunso amene amatentha m'kalasi ya kumeneko si nthawi zonse amene amatentha ku Dowa. Munthu akhoza kubwera akudziwa bwino mikangano ya akatswiri a ku Germany, koma osatha kuthandiza banja limene likuti mwana wawo walodzedwa. Ndipo ena sabwerera n'komwe. Sindiwaweruza, moyo ndi wovuta, koma mpingo umene unawasonkhera umatsala manja ali m'khosi. John Chilembwe anapita ku America mu 1897, n'kukaphunzira ku Lynchburg ku Virginia, ndipo pofika 1900 anali atabwerera ku Chiradzulu kudzayamba ntchito.

Pali njira zapakati zimene ndimazikonda. Oxford Centre for Mission Studies, imene inayamba mu 1983, imalola munthu kuchita PhD akutumikirabe kwawo, n'kumapita ku Oxford masabata owerengeka pa chaka. Langham, bungwe limene linachokera mu utumiki wa John Stott, limathandiza ophunzira PhD a chievangeliko ochokera m'maiko ngati athu, ndipo limafuna kuti sukulu kapena mpingo wanu ukuvomerezeni komanso kuti mudzabwerere kudzaphunzitsa. Ena mwa amene limawathandiza masiku ano amaphunzira mu Africa momwemuno. Kwa amene mtima wawo uli pa umodzi wa mipingo, Bossey pafupi ndi Geneva ili ndi maphunziro aafupi amene World Council of Churches imayendetsa.

Udokotala wa pa WhatsApp

Safunsa anadya phula. Masiku ano mauthenga akuzungulira olonjeza masitazi m'miyezi 6, kapena udokotala pa mwambo wa tsiku limodzi mu hotela, mutalipira ndalama ya gauni ndi satifiketi. Zimandipweteka chifukwa amene amagwa m'mbunamu nthawi zambiri ndi abusa okhulupirika amene anasowa mwayi ali anyamata ndipo akufuna ulemu umene anzawo ali nawo. Pepala limenelo silidzakulowetsani pa yunivesite iliyonse yeniyeni, ndipo silidzakuthandizani kuyankha mnyamata wa kwaya uja. Musanalipire, funsani NCHE ngati sukuluyo ili kuno, Higher Education Authority ngati ili ku Zambia, Council on Higher Education ngati ili ku South Africa, ndi Association of Theological Schools ngati ili ku America kapena Canada. Chizindikiro cha ACTEA, bungwe loyesa masukulu a zaumulungu mu Africa, n'chabwino, koma sichilowa m'malo mwa chivomerezo cha boma. Sukulu ikakana kukuuzani mayina a aphunzitsi ake ndi kumene anatenga madigiri awo, tembenukani.

Ndikanakhala inu

Mbusa wa pa mpingo, wa banja ndi ana a sukulu, amene funso lake ndi la ubusa kapena la mbiri: masitazi ku Zomba, ku Mzuzu kapena ku Justo Mwale, ndipo ngati njala ikadalipo, PhD ku South Africa pa nkhani yomweyo. Wachinyamata amene anakhoza bwino Chigiriki ndi Chihebri ndipo sukulu ya ubusa ikumufuna kuti adzaphunzitse: alimbe pa zilankhulo, apite ku Stellenbosch kapena ku Nairobi, kenako agogode pa zitseko za thandizo la PhD kulikonse kumene kuli katswiri wa buku limene akufuna kulifufuza. Mtsogoleri wa mpingo amene wadutsa zaka 45 ndipo safuna kusiya utumiki: DMin yovomerezeka kapena masitazi ya uphungu idzamupindulira kuposa PhD imene ingamudyere zaka 7. Wotumikira m'chipatala, m'ndende kapena kwa asilikali afunefune maphunziro aja amati Clinical Pastoral Education, kumene umaphunzira uli pambali pa bedi la wodwala, wina akukuona n'kukuuza pamene unalankhula msanga.

Musanachite chilichonse, pitani kwa akuluakulu a sinodi kapena a mpingo wanu, mumve ngati akumasulani, ngati malipiro apitirira, ngati banja likhalabe m'nyumba ya mpingo, ndi zaka zingati zimene mudzatumikire pobwera. Zonsezi zikhale pa pepala. Kenako khalani pansi ndi akunyumba kwanu, chifukwa iwo ndi amene adzanyamule theka la digiri imeneyi. Mukatero, werengani nkhani ziwiri kapena zitatu zolembedwa ndi mphunzitsi amene mukumufuna, ndipo mumulembere kalata yaifupi: ndinu yani, mwatumikira kuti, funso lanu ndi liti m'chiganizo chimodzi, ndipo mwaona chiyani m'zolemba zake chimene chikukhudza funsolo. Phatikizanipo masamba awiri ofotokoza zimene mukufuna kufufuza. Akakuyankhani, funsaninso ophunzira ake akale kuti amabweza chaputala patatha masabata angati.